Chilankhulo Chimakoma Pa Mbale



Kunja kukuyera. Kuno ku Kafue, m'dera la mafakitale, amayi ayamba kale kukoleza mbaula m'mbali mwa msewu. Masana adzaphikapo nsima, nsomba za mu mtsinje wa Kafue ndi chibwabwa chotendera. Ndipo pakati pa anthu odzadya pamenepo, sipalephera kupezeka mlendo wochokera kutali, amene anabwera kudzagwira ntchito pa makina.

Mumuone mlendoyo akamasamba m'manja. Mumuone akamayesa kuumba mbamu, nsima ikumuotcha zala. Amafunsa dzina la ndiwo. Mawa lake amaitanitsa yekha. Pang'onopang'ono, lilime limamasuka.

Aphunzitsi a ku Indonesia anazindikira zimenezi. M'maphunziro awo a chilankhulo kwa alendo, otchedwa BIPA, ophunzira sangokhala pa desiki ayi. Amapita kumsika, amalawa tempe, chakudya chopangidwa ndi soya, amaphunziranso kujambula nsalu ndi phula, luso lotchedwa batik. Luso lomweli, la ku chilumba cha Java, ndi limene linabala maluwa a pa zitenje zathu, zonga zija ankapanga ku Kafue Textiles.

Ine ndimaona kuti njira imeneyi yophunzitsira chilankhulo ndi yaulemu. Munthu amene wadya nanu saopa kulakwitsa mawu pamaso panu.

Tsono lero, mukakumana ndi mlendo kuntchito, musathamangire kumuyankha m'Chingerezi. Musendezereni mpando, mumupatse madzi osamba m'manja, mumuuze modekha dzina la chimene chili m'mbale.

Muyende bwino.