Mwini wa Chongoni ndani?

Nkhalango ya Chongoni, m'boma la Dedza, ndi malo a boma. M'mapanga ake ndi m'mapiri oyandikana nayo muli malo 127 a zojambula za pamiyala, zomwe bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira anajambula ndi Akafula, alenje amene ankakhala m'derali alimi asanafike. Zoyera n'za Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali cha atsikana, pomwe za ku Namzeze zikuonetsa zilombo za Nyau. Ana a sukulu ndi alendo amakwera mapiri a Chentcherere ndi Mphunzi kukaziona. Malo otere amabweretsa funso lakalekale: munthu angavutikirenji kusamala, popanda malipiro, chinthu chomwe si chake?

Aristotle, katswiri wa nzeru wa ku Greece, ankaona kuti chinthu cha anthu ambiri ndicho chimasowa wochisamala, chifukwa aliyense amayembekeza kuti mnzake achita. Mu 1968 Garrett Hardin anabwereza mfundoyi ndi chitsanzo cha busa la onse, komwe aliyense amaonjezera ng'ombe zake mpaka msipu kutha. Umboni wake ku Chongoni sukusowa. Pali maina olembedwa ndi makala pamwamba pa zojambula, moto wa osaka mbewa, ndi zitsa za mitengo. Wochita izi amadzitonthoza ndi mawu odziwika aja akuti ndi za boma izi.

Koma mfundoyi ili ndi polekezera. Elinor Ostrom, yemwe analandira mphotho ya Nobel mu 2009, anaonetsa kuti anthu amatha kusunga nkhalango, madzi ndi msipu kwa mibadwo yambiri ngati malamulo apanga okha ndipo wolakwa akumudziwa ndi kumudzudzula. Midzi ya m'chigawo chapakati ili ndi chitsanzo chapafupi, manda. Ngakhale komwe mitengo yachilengedwe inatha kale m'minda, kumanda kumakhalabe nkhalango. Kulibe mlonda wolembedwa ntchito, ndipo ikafika nthawi yolambula mudzi wonse umanyamula makasu. Anthu amatero chifukwa eni malowo amawadziwa: makolo ogona pamenepo, ndi amoyo amene adzawatsatira.

Zipembedzo zimayankha mofananako. Buku la Genesis limati munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo chaputala 25 cha Levitiko chimaletsa kugulitsa nthaka mpaka kalekale popeza mwini wake ndi Mulungu. Chisilamu nachonso chimaphunzitsa kuti munthu ndi wosungira chabe. M'maganizo amenewa, wolambula njira yotchinga moto m'nkhalango sakuchitira boma chifundo. Akusamala cholowa chimene anachipeza ndipo adzachisiya.

Chovuta chili pa ufulu wa wogwira ntchitoyo. Thangata poyamba linali kuthandizana kwa pamudzi, koma m'minda ya azungu linasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, ndipo linali m'gulu la madandaulo omwe anautsa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Sabata ya achinyamata ya nthawi ya Kamuzu Banda inakonza misewu ndi milatho, koma kukana kunali kovuta. Masiku ano vuto latembenuka: ambiri safika pa ntchito ya chitukuko asanamve za alawansi. Chikwapu ndi envulopu zonse zimachotsa chinthu chimodzi, mtima woti malowa ndi athu.

Palinso umphawi, womwe aphunzitsi a makhalidwe amakonda kuulumpha. Mayi wopanda nkhuni sangauzidwe kuti atetezere alendo nkhalango iye akugona ndi njala. Ostrom anapeza kuti kusamala kumakhalitsa pomwe osamalawo akupindula molingana ndi thukuta lawo. Lamulo la za nkhalango la 1997 linatsegula njira imeneyi ku Malawi polola makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe ndi mapangano oti boma ndi anthu oyandikana ndi nkhalango aziisamalira limodzi. Mapangano otere amatha kupatsa mudzi chilolezo chotola nkhuni zouma, kuzula bowa ndi kupachika ming'oma ya njuchi, iwo n'kumalondera ndi kuzimitsa moto.