Ndale ndi Mwana wa Mwini

M'chigwa cha Domasi, kumene mtsinje wotsika m'phiri umathirira mpunga usanakathire m'nyanja ya Chilwa, makolo ambiri amalangiza ana awo chimodzimodzi: limbikira sukulu, pemphera, ndale uwasiyire eni ake. Langizoli limamveka m'mabanja a mpingo wa CCAP, umene mishoni yake inakhazikika kuno mu 1884, ndipo limamvekanso m'mabanja a Chisilamu. Makolowa ali ndi chifukwa. Ndende ya Mikuyu ili m'boma lomwe lino la Zomba, ndipo Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, anakhalamo kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Tsono funso n'lolemera: kodi pamaso pa Mulungu n'koyenera kuti wachinyamata aike pachiswe sukulu yake, ufulu wake, ngakhale moyo wake, chifukwa cha ndale? Ine ndikuti n'koyenera nthawi zina, koma pokhapokha ngati iye mwini wadziwa chimene akuvutikira, ndiponso ngati womuitanayo ali wokonzeka kuvutika naye limodzi.

Choyamba tivomereze kuti wachinyamata sangazithawe ndale. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi linali lisanakwanitse zaka 18. Ngongole ya wophunzira, mtengo wa feteleza, kulembedwa ntchito kwa mphunzitsi amene wamaliza pa Domasi College of Education, zonsezi zimagamulidwa ndi anthu andale, ndipo wokhala chete amalipira mofanana ndi wolankhula. Ena amatsutsa potchula Aroma 13, kuti wokhulupirira azimvera olamulira. Zoonadi, kalatayo imatero, koma imanenanso kuti wolamulira ndi mtumiki woikidwa kuti achitire anthu zabwino, ndipo m'dziko limene mwana wa zaka 18 amaponya voti, wa zaka 21 n'kuimira nawo pa mpando wa phungu, kufunsa mtumikiyo za ntchito yake n'kumvera lamulo komwe. Mabuku oyera samabisa achinyamata kuseri kwa akuluakulu. Anzake atatu a Danieli anali anyamata pamene anakana kugwadira fano la mfumu, ndipo Surat al-Kahf imalemekeza anyamata amene anasiya mudzi wawo n'kukabisala kuphanga pokana kupembedza zimene anthu awo ankapembedza.

Chaka cha 1992 chimationetsa mtengo wolipidwa mwachilungamo. Pa 8 Malichi m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Patangopita masiku ochepa, ophunzira a pa Chancellor College anayenda m'misewu ya Zomba kuikira kumbuyo kalatayo, ndipo koleji inatsekedwa. Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi dongosolo lake. Maepiskopi anayamba ndiwo kusaina mayina awo, anaitanidwa ndi apolisi, anaopsezedwa, ndipo Monsinyolo John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Ophunzirawo anatsatira akuluakulu amene anali atalowa kale m'moto, pa nkhani imene aliyense akanatha kuiwerenga ndi kuiyesa yekha. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha zipani zambiri pa riferendamu.

Tayerekezani zimenezi ndi gulu la Malawi Young Pioneers, limene linayamba mu 1963. Anyamata ambiri analowamo pofuna kuphunzira ulimi ndi ntchito zamanja, koma gululo linasandutsidwanso chikwapu cha chipani, loimitsa amayi pa zipata za misika kuti aonetse khadi. Mu Disembala 1993 asilikali atalilanda zida pa Operation Bwezani, othawira ku Mozambique anali anyamatawo, pamene ambiri mwa owatuma anapitiriza ndale mwamtendere. Khalidweli silinathe ndi chipani chimodzi. Lero kuli makadeti, odzipaka penti ya chipani thupi lonse, otumidwa kukasokoneza msonkhano wa anzawo, olipidwa ndalama ya tsiku limodzi ndi mowa. Akuluakulu anati nkhuyu zodya ana zimapota akulu, koma pa ndale zathu nkhuyu amadya akulu, n'kupota ana a eni. Baibulo lili nalo dzina la tchimo lotere: ndi la Davide, amene analamula kuti Uriya aikidwe pamene nkhondo yakula, kenaka anzake amusiye yekha. Kadeti wotere amataya zambiri kuposa wophunzira wa 1992, pakuti wophunzirayo analandidwa miyezi ya sukulu chikumbumtima chake chili chonse, pamene kadeti amagulitsa chikumbumtimacho, n'kuphunzira kumenya munthu amene sanamulakwire.

Koma malire a zitsanzo ziwirizi saoneka bwino nthawi zonse, ndipo umboni wake ndi munthu amene anagwirapo ntchito ya boma kuno ku Domasi. Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Anglican, analowa m'nyumba ya malamulo mu 1956 ali ndi zaka 25. Anamangidwa mu 1959 n'kutsekeredwa ku Gwelo, anamangidwanso mu 1961, ndipo anamwalira kutali ndi kwawo, ku Los Angeles, mu 1975 ali ndi zaka 45. Palibe anganene kuti iye anatuma ena akudzisunga yekha. Komabe iye yemweyo ali mnyamata anathandiza kukweza Dr. Banda ngati mpulumutsi wosafunsidwa, ndipo kuukira kwa Chipembere kwa mu Febuluwale 1965, kumene kunathera pa doko la Liwonde, kunasiya midzi ya ku Mangochi m'masautso aakulu. Medson Silombela, amene anapitiriza nkhondoyo, ananyongedwa ku Zomba mu 1966. Apa tikuona kuti kulimba mtima ndi kuona mtima sizikwanira. Wachinyamata wodzipereka angathe kulakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake kumagwera anthu amene sanafunsidwe. Chifukwa chake kudziwa chimene ukuvutikira kuyenera kuphatikizapo kufunsa kuti winanso amene avutike ndani.

Chitsutso chovuta koposa n'cha mayi wofedwa. Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic amene ankadzudzula boma, anapezeka atafa pa sukulupo pa 24 Sepitembala 2011, miyezi iwiri chichitikireni zionetsero za pa 20 Julayi zimene zinaphetsa anthu pafupifupi 20. Apolisi anati anadzipha, koma bungwe lofufuza linapeza mu 2012 kuti anachita kuphedwa. Kholo lililonse la ku Domasi lingafunse kuti imfa imeneyo inagula chiyani. Sindikhulupirira kuti tiyenera kuyankha ndi mawu okometsera magazi, ngati kuti dziko limakula ndi maliro a ana. Imfa yotere ndi mlandu wa akupha, ndipo chipembedzo chimene chimafulumira kutcha mwana ngwazi chimachedwa kufunsa chilungamo. Koma kunena kuti ana onse akhale chete n'kupatsa akuphawo chimene ankafuna, ndipo ngoziyo imakula pamene olankhula ali ochepa, chifukwa munthu mmodzi savuta kumuloza.

Palinso amene amati kadeti tisamuweruze, pakuti njala ndiyo imamutuma. Pamenepa ndikuvomereza mbali yaikulu. Mnyamata amene wamaliza Fomu 4 n'kumapalasa kabaza pa msewu wa Zomba ndi Liwonde sakana ndalama mosavuta, ndipo mlandu wokulirapo uli pa wopereka. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, koma mchitidwewu sunazime, ndipo umalowa ngakhale m'nyumba zopemphereramo. Wandale yemwe uja wotuma anyamata amaitanidwa kukhala mlendo wolemekezeka pa mwambo wosonkhetsa ndalama zomangira tchalitchi kapena mzikiti, amakhazikidwa kutsogolo, envulopu yake n'kuimbiridwa m'manja. Abusa ndi mashehe amene amalandira envulopuyo osafunsa za anyamata ovulala pa msonkhano wa dzana amadzilanda okha mphamvu yolangiza mnyamata kuti akane ndalama ya tsiku limodzi, chifukwa mnyamatayo anali pomwepo ndipo anaona.