Ngongole Yathu kwa Mbewa ndi Pusi

M'chaka cha 1947, akatswiri ofufuza za matenda a yellow fever anaika pusi m'khola pansanja ya mumtengo m'nkhalango ya Zika, pafupi ndi Entebbe ku Uganda, kuti udzudzu uzimuluma. Pusiyo atatentha thupi, anatengako magazi ake nawabaya mu ubongo wa mbewa, ndipo mbewazo zinadwala. Umu ndi m'mene kachirombo ka Zika kanadziwikira. Tsono funso nali: kodi munthu ali ndi ufulu wodwalitsa nyama mwadala kuti iye apeze nzeru?

Tiyambe ndi phindu lake. M'chaka cha 2015, ku Brazil kunabadwa ana ambiri a mitu yaing'ono ndi ubongo wosakula bwino. Madokotala anaganizira kachirombo komweka, kamene kamafalitsidwa ndi udzudzu wa mtundu wa Aedes, koma kuganizira si umboni. Panalibe munthu wamutu wake amene akanabaya kachiromboko mwa mayi woyembekezera kuti aone chotsatira. Choncho m'chaka cha 2016 akatswiri anabaya mbewa za bere, napeza kuti kachiromboko kamachoka mwa make n'kulowa mwa mwana, kumene kamawononga timaselo timene timaumba ubongo. Umboni umenewu unalimbitsa chenjezo lakuti amayi oyembekezera adziteteze ku udzudzu.

Komabe otsutsa ali ndi mfundo zosanyozeka. Mbewa imamva ululu monga ife. Kachirombo kakailowa mu ubongo imanjenjemera, imapuwala miyendo, kenaka n'kufa, pamene sinafunsidwe, ndiponso sidzapindula kanthu. Kuwonjezera apo, mbewa si munthu. Mbewa wamba yaikulu sidwala Zika msanga, kotero kuti kawirikawiri ofufuza amagwiritsa ntchito mbewa zofooketsedwa chitetezo cha m'thupi. Chimene chaoneka mwa mbewa yotere sichingakhale chithunzi chonse cha zochitika mwa munthu.

Ife amene timakumba mbewa m'chilimwe sitinganene kuti kupha nyama n'kwachilendo. Koma makolo athu ankasiyanitsa kupha ndiwo ndi kuzunza cholengedwa. Mwana wothyola miyendo ya kamwana ka mbalame pofuna kuseka chabe ankadzudzulidwa, chifukwa mtima wozolowera nkhanza susankha poigwetsa.

Nzeru yofanana ndi imeneyi anailemba William Russell ndi Rex Burch a ku Britain m'chaka cha 1959. Iwo anapereka mfundo zitatu: pamene pali njira ina, nyama isagwiritsidwe ntchito, pamene palibe, nyama zikhale zochepa, ndipo ululu wake uchepetsedwe. Njira zina zilipodi. Akatswiri amatha kulera timinofu tonga ubongo wa munthu m'timbale, ndipo m'chaka chomwecho cha 2016 timinofu totere tinaonetsanso m'mene Zika imawonongera ubongo.

Maganizo anga ndi akuti kufufuza kotere n'kololeka pokhapokha ngati moyo wa anthu uli pachiswe ndipo njira ina yasowa. Ngakhale zitatero, munthu asadziyese mwini wa moyo wa nyamayo, iye wangokongola. Ngongoleyo amaibweza posamala nyamazo, polemba zoona zokhazokha, ndi poulula ngakhale zimene zalephereka, kuti wina asaphenso mbewa zina pofunsa funso loyankhidwa kale. Ena mwa inu mudzavala makhoti oyera. Tsiku limenelo, musanagwire jekeseni, mudzadzifunse ngati yankho limene mukulifunalo likulingana ndi ululu wa kanyama kali m'dzanja lanu.