Nsapato ya mayi isankhidwe ndi njira za ku Malomo

Ana anga, senderani kuno, nkhani ya lero ndi ya pansi penipeni, pamene munthu amakumanirana ndi dothi. Ndikunena nsapato za amayi ndi atsikana athu a kuno ku Malomo, nkhani imene abambo ambiri amaiyesa yachibwana mpaka tsiku limene mayi wa kunyumba afika kuchokera kumsika akutsimphina, dengu lili pamutu, nsapato zili m'manja. Masiku ano mtsikana aliyense mtima uli pa nsapato za tenesi, zija zomanga ndi zingwe, zoyera mbee, zimene amaziona pa Facebook zitavalidwa ndi anzake a ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Ine sindizinyoza ayi, pakuti pa bwalo la mpira wa manja ndi pa ulendo wautali wapansi zimagwira ntchito yake mokwanira. Koma walira mvula walira matope. Wagula zoyerazo wagulanso ntchito yochapa, chifukwa katondo wa kuno akangolowa mu nsalu yake sachokamo. Mu Okutobala phazi limasamba thukuta m'katimo, ndipo mu Januwale zikanyowa zimagona masiku zisanaume, fungo n'kumayamba kufika pakhomo mwini wake akadali pa mphambano.

Komanso taganizani moyo wa mayi wa kuno mmene umayendera. Pa maliro amalowa m'nyumba ya siwa, nsapato n'kutsala pakhomo pamodzi ndi za anzake. Pa chinkhoswe amakhala pa mphasa. Akapita kukaona apongozi amagwada. Kuvula ndi kuvala kumeneku kumachitika kangapo dzuwa lisanalowe, mwana ali kumbuyo, ndipo nsapato yofuna kuti munthu awerame n'kumamasula mfundo nthawi zonse imasanduka mtolo wina. Onjezani apo kuti mayi akatchena chilundu chake, duku atalimanga bwino, mtima wake umafuna kuti ndi kuphazi komwe kukhale kogwirizana ndi nsaluyo. Kufuna kuoneka bwino si tchimo, ana anga. Amene amalima, kutunga madzi ndi kusenza nkhuni sabata yonse ali ndi ufulu wonse woti tsiku la Mulungu anthu amucheukire.

Vuto limabwera pamene wathawa za tenesi n'kukagwera mu gogoda. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Phula lathu ndi la msewu wa M18, wochokera ku Kasungu kutsikira ku Nkhotakota. Ukangopatuka kulowera kumidzi, kapena kukwera cha kumapiri a Ntchisi ndi Dowa, njira ndi ya miyala, zitunda, mikwasa ya madzi a mvula ndi milatho ya mitengo. Kayang'aneni tsiku la ukwati. Atsikana amanyamuka kwawo atavala patapata, gogoda atamukulunga mu jumbo, ndipo akafika pa mtengo wa mango woyandikira tchalitchi amaima, kupukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje, kupaka mafuta m'mapazi, kenaka n'kukwera pamwamba pa zidendene zosongoka zija. Kuchoka pamenepo kukafika pakhomo la tchalitchi amayenda atagwirana mikono, chidendene chikumira mu mchenga, nkhope ikumwetulira koma maso ali pansi. Pofika nthawi ya perekaniperekani, pamene gule wakoma, theka la iwo likuvina chopanda nsapato. Ndimawamvera chisoni ana amenewa, chifukwa ndalama anatulutsa yambiri, koma chimene anagulacho chawatumikira mphindi zowerengeka.

Njala ya nsapato yokongola ili ndi kumene inachokera. Pamene amishoni a Dutch Reformed ankafika ku Mvera mu 1889, kenaka ku Kongwe, makolo athu ankayenda ndi phazi lomwe anabadwa nalo, ndipo nsapato italowa m'mudzi inalowera kwa amuna: aphunzitsi, alaliki, amesenjala a kuboma, ndi anyamata obwera ku Joni ndi ku Halale. Mwamuna ankabwera ndi jombo zake zonyezimira, mkazi n'kumupatsa nsalu, mapazi ake n'kukhalabe a zikang'a zimene ankazikwecha ndi mwala kudambo. Abambo a kumudzi anali ndi nkhwayira zodula ku matayala. Kenaka kunabwera sofiya wa pulasitiki, ndipo agogo anu angakuuzeni mmene ankamusungira pansi pa bedi kudikira Khirisimasi, ngakhale kuti dzuwa likakwera ankawotcha phazi. Amene anali ndi mwayi wofika mu sitolo ya Bata ku Lilongwe ankabwerako akuyenda mosamala kuti aliyense aone. Kuvala kwa amayi nthawi imeneyo kunali ndi malire ake, pakuti lamulo la 1973 linkawaletsa buluku ndi siketi yaifupi, ndipo zinthu zinamasuka pa nyengo ya matipate, cha mu 1993 ndi 1994. M'zaka zotsatira kaunjika anasefukira m'misika yonse, ndipo mtsikana wa kumudzi anapeza kuti nsapato imene ankangoiona pa chithunzi ili pa chisaka patsogolo pake.

Pa chisakapo mpamene pafunika kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nsapato za m'mabelo zinasokedwera misewu yosalala ya ku London ndi mizinda ina yozizira, ndipo zina zinakhala zaka m'makabati a eni ake zisanatumizidwe kuno. Pali mtundu wina wa mphira wopepuka umene ukakhalitsa osavalidwa umafumbwa ndi chinyezi mwakachetechete: kunja nsapato ikuoneka yatsopano, koma ukangoyenda nayo kuchoka pa msika kukafika kuchipatala, pansi pake pamayamba kunyenyeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono mwana wanga, itenge m'manja, uipinde. Yabwino imapindika kutsogolo, pamene zala zimapindikira, ndipo pakati pake pamakhala polimba. Imene ikupindika paliponse kapena kuonetsa ming'alu, isiye. Kanikiza chikhadabo pansi pake uone ngati pakufumbutuka. Suzumira m'kati: chikopa chenicheni kuseri kwake chimakhala chokhakhala ndipo chili ndi fungo lake, pamene chonamizira chimakhala nsalu yomatidwa pulasitiki imene imasupuka mvula imodzi isanathe.

Manambala nawonso asakupusitse. Belo limodzi limasakaniza nsapato za mayiko osiyana, ndipo imene ku Britain amailemba 5, mayiko ena a ku Ulaya amailemba 38, ku America n'kukhala cha pa 7. Woweruza ndi phazi lako. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ndipo onsewo amafuna malo oti atambasuke pamene wasenza ndowa kapena wabereka mwana. Limafufuma dzuwa likamapendeka, n'chifukwa chake nsapato yoyesa m'mamawa imaluma madzulo. Kawirikawiri phazi lina limaposa linzake pang'ono, choncho uvale zonse ziwiri, uimirire, uone ngati kutsogolo kwa chala chachitali kwatsala mpata wokwana chala chachikulu cha kudzanja. Wogulitsa adzakuuza kuti imatambasuka, ingoivalani mayi. Chikopa chimatambasuka pang'ono m'mbali, koma palibe nsapato imene inatalikapo chifukwa choivala. Usachite manyazi kuyenda nayo masitepe angapo anthu akuona, mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mukandifunsa kuti nanga tivale ziti, ndinena zimene maso anga aona zikupirira njira za kuno. Yoyamba ndi nsapato yotseka kutsogolo, ya mphuno yotakata, yokhala ndi chidendene chachifupi ndi chofutukuka, cha masentimita 2 kapena 3. Imeneyi imalowa m'tchalitchi ndi amayi a Chigwirizano, imaima kutsogolo kwa kalasi ndi aphunzitsi, imakwera kabaza popanda kuvuka, ndipo ikakhala yakuda kapena yofiirira imagwirizana ndi nsalu iliyonse ya m'sutikesi. Kachidendene kochepako kamapumitsa mtsempha wa kumbuyo kwa mwendo, pamene gogoda amakankhira thupi lonse pa zala. Zafulati zopyapyala zija zimene atsikana amazikonda n'zokongola ndithu, koma pa miyala ya kuno mwala uliwonse umamveka mpaka m'mutu, choncho musankhe zokhala ndi mphira wochindikala ndi mizere yogwira pansi. M'chilimwe palibe choposa sandasi za chikopa zokhala ndi lamba wa kumbuyo kwa chidendene, kaya zosalala kaya za mikanda zonga zimene Amasai amagulitsa m'matauni. Lambayo ndi amene amamasula zala ku ntchito yogwirira nsapato, ntchito imene patapata amazipatsa tsiku lonse. Amene mtima sukugona popanda kutalikako pang'ono, atenge ija yokwera mofanana kuchokera pakati mpaka kumbuyo, yopanda msomali woti uzimira m'dothi.

Ndipo musamudutse osamupatsa moni bambo uja wosoka nsapato pakhonde la sitolo, amene wazunguliridwa ndi mulu wa nsapato za eni ake, singano ya ngowe ili m'dzanja, ulusi wa nayiloni ali nawo pakamwa. Amayi ochenjera amapita kwa iye nsapato ikadali yatsopano, kuti aizungulize ulusi guluu asanagonje ndi matope, ndipo pansi pakadyeka amaikapo chidutswa cha tayala. Amene amadikira kuti iyambe yayasamula amalipira kawiri. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Polishi pang'ono, ndi kuumitsa pamthunzi osati pamoto, chikopa chimaona mvula zingapo.

Pali amayi ena amene nkhaniyi kwa iwo yaposa kutchena. Woyembekezera mapazi amatupa, ndipo ena akachira phazi silibwereranso pa saizi yakale, choncho kumukakamiza nsapato ya pa ukwati wake n'kumulakwira. Amene ali ndi matenda a shuga phazi limatha kuchita dzanzi, kamwala kapena msoko wokhakhala n'kumamuvulaza iye osamva, ndipo kabala kotero kamavuta kupola. Ameneyo avale yotseka, yofewa m'kati, ayambe wapisamo dzanja asanavale, ndipo akaona thuza kapena bala apite kuchipatala msanga.

Tsono inu ana anga aamuna, msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, mabelo n'kupita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, soya ndi mtedza n'kugulidwa, kumbukirani amene anasoka fodyayo ndi kupalira mundawo. Ndikudziwa mwambo wanu wothyola kamtengo, kuyeza phazi la mayi ali pa mtondo, n'kukaika m'thumba la malaya popita kutauni. Mtima wake ndi wabwino, koma safunsa anadya phula: kamtengoko kamangodziwa kutalika, sikadziwa kufutukuka kwa phazi, kapena chala chimene chinapindika ndi khasu, kapena mtundu wa nsalu imene mayiyo akufuna kuvalira. Mupatseni ndalamayo m'manja, tsiku la msika apite yekha kapena ndi mnzake dzuwa litapendeka, ayese zonse ziwiri, ayende nazo mpaka kwa ogulitsa tomato n'kubwerako, ndipo inu mutsale ndi ana pakhomo mpaka atasankha.