Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika

Pabwalo la gule pamakhala ng'oma zingapo, koma sizimenyedwa mofanana. Pamakhala imodzi imene mawu ake amafika tsidya la dambo, ndipo aliyense wodziwa kuyimba amafuna kuyesa manja ake pa iyoyo. Ikayamba kufooka amathamanga nayo kukaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike, n'kubwerera nayo pabwalo. Usiku wonse imangosinthana moto ndi manja. Zinzake zosamveka zimatha zaka zili tsonga kuseri kwa chitseko, iyo itang'ambika kalekale. Makolo ataona zimenezi anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Ena amanena mwambiwu pochenjeza munthu wodzimva kuti kutchuka kwake sikupita patali. Ena amaunena pamaliro a munthu waluso amene wapita asanamere imvi, ndipo pamenepa umakhala dandaulo. Konseko chala chimaloza ng'oma. Ine ndimaona kuti mwambiwu umanenanso za eni manja, pakuti ng'oma sidzimenya yokha. Imang'ambika chifukwa anthu aikonda ndipo sakufuna kuti ipume.

Okonda nyimbo za rock za ku Britain ndi ku America akhala akulira maliro otere kwa zaka zoposa 50. Jimi Hendrix ndi Janis Joplin anamwalira mu 1970, Jim Morrison mu 1971, onse ali ndi zaka 27. Kenako imfa inalowa pakati pa oyimba ng'oma enieniwo. Keith Moon wa gulu la The Who anamwalira mu 1978 atamwa mopyola muyeso mapiritsi amene anapatsidwa kuti amuthandize kusiya mowa. John Bonham wa Led Zeppelin anamwalira mu Seputembala 1980, atatsamwa ndi masanzi ali m'tulo pambuyo pomwa mowa wambiri. Onse awiri anali ndi zaka 32. Anzake a Bonham sanafune kuika munthu wina pampando wake, ndipo mu Disembala chaka chomwecho analengeza kuti gululo latha.

Maliro a masiku ano ndi a mtundu wina. Amene akupita tsopano ndi aja anapulumuka ku mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, n'kukalamba pamaso pa owatsatira. Wina atha kunena kuti amenewa autsutsa mwambiwu, popeza analira kwambiri koma anafika zaka 70. Koma tayang'anani matupi awo. Pete Townshend wa The Who wakhala zaka zambiri ndi vuto la kulira kwa m'makutu. Brian Johnson wa AC/DC anasiyira ulendo woyimba panjira mu 2016 madokotala atamuchenjeza kuti atha kugontheratu. Phil Collins, amene anadziwika ndi kumenya ng'oma, anayimba komaliza ndi Genesis ku London mu Malichi 2022 ali khale pampando, ng'omazo akumenya ndi mwana wake Nic, chifukwa msana ndi mitsempha ya m'manja zinali zitakana.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya Tom Petty. Mu 2017 iye ndi gulu lake la Heartbreakers anayenda m'mizinda kukondwerera zaka 40 ali limodzi. Abale ake anadzaulula pambuyo pake kuti anakwera pansanja maulendo 53 fupa la m'chiuno lili losweka, chifukwa sanafune kukhumudwitsa anthu amene anali atagula kale matikiti. Ganizirani munthu wa zaka 66, gitala ili paphewa, akuima maola awiri pamwendo umene ukumubaya, khamu likukuwa kuti awonjezere ina. Ulendowo unathera ku Hollywood Bowl pa 25 Seputembala. Patangotha sabata, pa 2 Okutobala, anamwalira, ndipo opima mtembo anapeza kuti anamwa mwangozi mankhwala opha ululu ochuluka, kuphatikizapo fentanyl. Mankhwala amenewo ndiwo anali moto wowambira ng'omayo kuti ilirebe usiku wina.

Sindikunena kuti owonerera ndiwo anamupha. Oyimba ambiri amafuna okha kuyimba mpaka mpweya womaliza, ndipo kuwaletsa kukanakhala nkhanza. Ozzy Osbourne wa Black Sabbath ndiye umboni. Matenda a Parkinson atamulanda miyendo, anaumirirabe kuti akatsanzike kwawo ku Birmingham. Pa 5 Julayi 2025, m'bwalo la mpira la Villa Park, anatulukira pansanja atakhala pampando wachifumu wakuda, mawu akunjenjemera, manja akukodola khamu kuti limuthandize kuyimba. Pambali pake panali Tony Iommi, yemwe anaduka nsonga za zala ziwiri m'fakitale ya zitsulo ali ndi zaka 17 koma n'kuphunziranso kuyimba gitala ndi zala zomwezo, komanso Geezer Butler ndi Bill Ward. Anayi amene anayambitsa Black Sabbath anali asanayimbire limodzi kwa zaka 20. Ndalama za tsikulo anazilonjeza ku ntchito yolimbana ndi Parkinson ndi yosamalira ana odwala. Patatha masiku 17 Ozzy anamwalira ali ndi zaka 76, ndipo galimoto yonyamula thupi lake itadutsa mumsewu wa Broad Street, anthu anadzaza mbali zonse, maluwa ataunjikana pamlatho wotchedwa dzina la gululo.

Ambiri mwa olirawo anali a imvi, ndipo n'zosachita kufunsa kuti ankaliranso unyamata wawo umene unatsagana ndi nyimbozo. Apa mpamene chikondi chimasanduka katundu pamutu pa woyimba. Munthu wa zaka 65 akamafuna kuti woyimba wa zaka 78 adumphe monga ankadumphira mu 1972, amakhala akupempha kuti amubwezere zaka zake zimene zinapita, chinthu chimene palibe thupi lingathe kupereka. Zimbale zilipo ndipo sizidwala msana, koma ife timafuna mwini wake aime patsogolo pathu.

N'chifukwa chake ndimamulemekeza Robert Plant, woyimba wa Led Zeppelin. Pa 10 Disembala 2007 otsala a Led Zeppelin anakumana ku O2 Arena ku London kwa usiku umodzi, pampando wa Bonham patakhala mwana wake Jason. Zopempha matikiti zinafika 20 miliyoni pomwe malo anali a anthu pafupifupi 20,000. Ndalama zimene zikanatuluka paulendo wozungulira dziko zinali zoti munthu sangazikane wamba, ndipo anzake anali okonzeka. Plant anakana. Anapita kukayimba nyimbo zofatsa ndi Alison Krauss, pamlingo umene mmero wake unkakwanitsa, ndipo anthu ambiri okonda Led Zeppelin sanamumvetse mpaka lero.