Moto Wogula Ngwa Yani?

Kale m'midzi mwathu, mkazi akadzuka m'mamawa napeza kuti pamafuwa pace pazizira, sanali kudandaula. Anali kutenga phale napita kwa mnzace kukapala moto, ndipo panalibe womfunsa kobiri. Mwini moto sanali kusauka nako kupatsako, pakuti khala limodzi likacoka, zikuni zotsala ziyakabe monga poyamba. Cifukwa cace makolo athu, amene anatisiyira malamulo a munda, a ukwati ndi a maliro, sanatisiyire lamulo la kagawidwe ka moto.

Makono kwadza moto wina woyenda m'nthambo, umene tiucha magetsi. Wocuruka ucokera ku madzi a Shire, pa Nkula pamene makina anayamba nchito m'caka ca 1966, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Kuyambira 2017 oupanga ndiwo a EGENCO, ndipo a ESCOM ndiwo oufikitsa ku nyumba ndi kuugulitsa. Suli wa anthu onse ai: kalembera wa 2018 anapeza kuti pa mabanja 100 ali onse, ngati 11 okha ndiwo anali kuunikira nao. Moto uwu usiyana ndi wa makolo pa cinthu cimodzi cacikuru, ndico cakuti uli ndi muyeso, ndipo mnzako akapalako, wako ucepa.

Kuno ku Dwangwa nkhaniyi tiidziwa bwino. Ciyambire 1979, pamene fakitale ya shuga inayamba kugaya nzimbe, kwafika anthu a zinenero zamitundumitundu, ena kudzadula nzimbe nyengo yace, ena kudzacita malonda m'mbali mwa mseu wa kunyanja. Amene alibe nyumba ya kunchito afuna ya lendi. Tsono eni malo amanga midadada ya zitseko zinai kapena zisanu, ndipo mdadada wonsewo umwera pa mita imodzi. Mita za makono nzolipiriratu: munthu agula mayunitsi, kawirikawiri pa foni, alandira manambala 20, nawalowetsa m'kabokosi. Mayunitsi akatha, nyumba zonse zizima pamodzi. Ndipo kabokosi kaja m'nyumba zambiri kakhala m'cipinda ca mwini mdadada.

Tsiku lina anandiitana kukamvera mlandu wotere, popeza anthu ayesa kuti mphunzitsi adziwa masamu ngakhale a zinthu zosaoneka. Pamdadadapo panali zitseko zinai: ca mwini nyumba, ca banja lina lokhala ndi simbi ndi cophikira ca magetsi, ca mai wogulitsa zakumwa zozizira amene firiji yace siizima usana ndi usiku, ndi ca mnyamata wina mlonda, amene cuma cace ca magetsi cinali babu limodzi ndi foni. Onse anai anali kusonkha mofanana. Mayunitsi atatha kacitatu mwezi umodzi, mlondayo anakana kusonkhanso, ndipo mwini nyumba anadula nthambo yolowa kwace.

Mnyamatayo anati, "Bambo, ine usiku ndikhala kunchito, usana ndigona. Moto umene mukuti ndilipire ndinauotha liti?" Mwini nyumba nayankha, "Acimwene, pano tonse tiri ofanana. Sindinakuonjezereni ngakhale tambala."

Onse awiri ananena zoona, ndipo m'menemo ndimo muli funso lathu. Kodi kugawa mofanana ndiko kugawa molungama?

Tiyeni tiwerengere monga ana a sukulu. Yunitsi imodzi ndiyo mphamvu imene cipangizo ca mawati 1000 cidya pa ora limodzi. Babu la makono la mawati 10, likayaka maora 5 usiku uli wonse, pa masiku 30 lidya yunitsi imodzi ndi theka. Cophikira ca mawati 1000, cikayaka maora 2 pa tsiku, pa masiku omwewo cidya mayunitsi 60. Wophikayo wadya kakwana 40 kuposa wa babu uja. Powauza awiriwa kuti asonkhe cimodzimodzi, tatenga ndarama m'thumba la wina ndi kukaphikira nsima ya mnzace, ndipo thumba lotengedwalo kawirikawiri ndi la iye amene ali wosauka koposa, pakuti wa zipangizo zambiri ndiye wopezako bwino.

Mkuru wina amene anali pomwepo ananditsutsa, ndipo mau ace sindinawapeputse. Anati, ife ndife anthu a cidyerano; pamene tidya m'mbale imodzi sitiwerengerana mbamu, ndipo tikayamba kuwerengerana makala cinansi cidzatha. Ndinalingalira mau amenewa masiku angapo. Koma ndiona kuti pacidyerano munthu adza ndi mbale yace mwa kufuna kwace, naona ndi maso ace amene alikudya. Mphatso ikhala mphatso pamene woperekayo adziwa kuti alikupereka. Mlonda uja sanafunsidwe ngati afuna kuziziritsa malonda a mnansi wace. Akadafunsidwa, kapena akadabvomera, pakuti maiyo anali kumpatsa madzi ozizira mwezi wa Okutobala pamene dzuwa la kunyanja liwamba anthu. Koma kumtengera osamuuza sikuyenera kuchedwa cinansi.

Asayese eni nyumba kuti ndawaweruza onse. Mwini mdadada anagula nthambo, analipira wa magetsi womuikira, anadikira kuti amlumikizire, ndipo mita inalembedwa m'dzina lace. Wa lendi akacenjera nalambalala mita, mlandu uyamba kugogoda pa citseko ca mwini nyumba. Alipo a lendi amene polowa alumbira kuti aphikira pa mbaula, koma pakati pa usiku aturutsa cophikira pansi pa kama naika nyemba. Amenewo aba, ngakhale mwina Lamulungu tikhala nao pa benchi limodzi. Alipo ena amene nyengo ya nzimbe ikatha acoka m'bandakuca osatsazika. Munthu wolumidwa kotere sitidabwa akatsekera kabokosi m'cipinda cace.

Komabe kutsekerako ndiko muzu wa ndeu zambiri, kuposa mtengo wa mayunitsi. Taonani asodzi a usipa. Bwato likafika m'mamawa, mwini cirimira satenga nsomba kupita nazo kuseri kwa nyumba kuti akabwere nati, zinalipo zakutizakuti. Ayesa pamcenga pomwepo, alovi alikuona, ogula alikuona, ndi ndowa imene onse aidziwa. Gawo lace likakula, alovi ang'ung'udza, koma sanena kuti waba. Pamdadada zisiyana. Anthu asonkha ndarama, mwini nyumba alowa nazo m'nyumba, ndipo palibe waona ngati wagula mayunitsi a ndarama zonse kapena a theka. Kapena ali wokhulupirika ndithu. Koma wadziika pamalo pamene kukhulupirika kwace sikungaoneke, ndipo wopereka ndarama ali nao ufulu wa kuona muyeso. Palinso tsiku lija mwini nyumba apita ku maliro ku Kasungu, kiyi ali m'thumba, mayunitsi natha usiku womwewo. Anthu ali nazo ndarama, manambala awagula, koma agona mumdima masiku atatu cifukwa ca loko.

Za kudula nthambo ndinena mosabisa kuti nkulakwa, makamaka pamene cifukwa cace ndi ngongole ya lendi pomwe magetsi munthuyo analipira. Ngongole iri ndi bwalo lace, kwa mfumu kapena ku khoti, ndipo mlandu suola. Wodula nthambo wadziyesa yekha wodandaula, woweruza ndi msilikali, ndipo cilango cace cigwera mwana amene ali ndi mayeso mawa, amene sanakongole kanthu. Pamene namondwe Ana anaononga Kapichira m'Januwale 2022, dziko linakhala m'mdima wa kawirikawiri koposa caka, ndipo tinapirira, pakuti unali wa tonse. Mdima wa citseko cimodzi pakati pa zitseko zowala uwawa mwina, popeza uuza mudzi wonse kuti m'menemo muli wangongole.

Cimene cikadathetsa zonse ndi mita yace pa citseko ciri conse, koma imeneyo ifuna ndarama ndi kudikira. Ena aika timita tating'ono toyesa gawo la nyumba iri yonse, ndipo pamene tiri poonekera, milandu icepa. Pamdadada uja analibe ndarama za zimenezi. Tinagwirizana kuti kabokosi kakhale pamene onse afika, kuti wogula mayunitsi aonetse uthenga wa pa foni kwa anzace, ndi kuti m'kope la ana a sukulu alembe tsiku, ndarama ndi mayunitsi. Tinalemba zipangizo za nyumba iri yonse, ndipo potero cinaturuka cophikira cina cimene mwini nyumba sanali kucichula, cimene cinali cace. Anaseka, nabwezera nthambo ya mlonda madzulo omwewo.

Za firiji sitinamvane. Maiyo anati siidya kanthu popeza siitentha. Ine ndinati makina ace ayaka nazima tsiku lonse, ndipo pa mwezi zikwana zambiri. Anandiyang'ana nati, "Aphunzitsi, munaiyesa ndi ciani?" Ndinalibe coyesera. Tinapangana kuti Loweruka lina onse adzazimitse zao kwa maora atatu, firiji yokha iyake, ndipo ana awiri a Sitandade 8 akhale pa kabokosi ndi pensulo.