Lachitatu: Bambo Wotsala ndi Ana

Werengani Hoseya 1:2-9 ndi 11:1-4. Kodi Yehova adzifanizira ndi kholo lotani?

Gomeri, atabala Yezreeli, Lo-ruhama ndi Lo-ami, anatsata amuna ena. Mneneri wosweka mtimayu ndiye atisonyeza Yehova alikuphunzitsa Efraimu kuyenda, kumfungata, ndi kuwerama kumdyetsa. Kwathu kuno timati zimenezi ndi ntchito za amayi; koma Mulungu sachita nazo manyazi.

Mbale, ngati ukwati unatha ana natsala ndi inu, aphikireni, achapireni, landirani nawo Sabata ndi pemphero. Chovuta koposa ndi lilime. Mkazi amene mufuna kumnyoza pamaso pa anawo ndiye anawabala, ndipo lamulo lachisanu liwauzabe kuti amlemekeze (Eksodo 20:12).

Kodi mpingo wanu unamchezera liti bambo wotere?